Che Sabiti ndi Fulati Yogulitsa

Tsiku limene Che Sabiti anapezedwa atavala diresi, amene anaona ndi maso awo anali ochepa, koma pofika Lachisanu nkhaniyo inali itazungulira msika wonse wa Balaka, itakwera kabaza, itakafika mpaka ku Utale.

Zinayenda motere. Che Sabiti ndi telala. M'mawa umenewo ankamaliza diresi la mayi wina wa kwaya, mayi woti Mulungu pomuumba sanaumire dothi. Chidole choyezerapo zovala analibe, ndiye pofuna kuona ngati mpendero wagwa bwino anakhoma chitseko, kuvula malaya, n'kulowamo okha m'diresimo. Kumbuyo kunatsala malo okwana munthu wina, choncho anasomekako pilo kuti afananeko ndi mwini wake. Ali pagalasi, mzuli uli kumutu, mapini ali kukamwa, ndevu zikusisita kolala, akupotoloka uku ndi uku ngati mkwatibwi, anangomva kiyi akulira pachitseko. Analowa Dave, ejenti wogulitsa nyumba, ndipo pambuyo pake panali masisitere awiri amene ankafuna nyumba yoti muzigona aphunzitsi a pasukulu yawo.

Dave anayang'ana kudenga. Sisitere wamng'ono analuma mlomo mpaka misozi kulengeza. Wamkuluyo, munthu woti waona zambiri, anawayang'ana Che Sabiti kuyambira kumzuli mpaka kuzikhadabo za kuphazi, kenako anati, "Mpenderowo kumanzereku wakwera, bambo."

"Zikomo amayi," anayankha Che Sabiti, mapini akadali kukamwa.

Masisitere nyumbayo sanagule. Wina aliyense akanatha sabata osatuluka panja ndi manyazi, koma Che Sabiti anavula diresilo akumwetulira. Anali atatulukira chinthu chachikulu: ogula nyumba amatheka kuthawitsidwa.

Kuti mumvetse chimene chinasangalatsa munthu wandevu, wosaphonya swala ya Lachisanu, pa zamanyazi ngati zimenezi, tiyambire kumene anachokera.

Anabadwira ku Machinga m'banja la asodzi a ku Chiuta, koma bwato linkawachititsa chizungulire, ndipo ukonde ankautha kusoka kuposa kuuponya. Atate awo atatopa nawo anakawasiya pakhonde la sitolo ina ku Liwonde kuti aphunzire kupalasa makina. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Mwanaidi wa ku Rivirivi, amene anabwera kudzasoketsa siketi n'kubwerera kwawo ndi siketi komanso mwamuna. Ukwati utamangidwa kumzikiti, Che Sabiti ananyamula makina awo n'kukalowa chikamwini.

Anachikhala chikamwinicho mpaka Ramla, mwana wawo woyamba, nayenso anabereka ake. Anaumba njerwa, kumanga nyumba ya malata, kudzala mango, kukumba chimbudzi china pamene china chadzaza. Zonsezo zinali za mbumba. Chawochawo pamudzipo chinali makina ndi mzuli basi. Mwinimbumba, Che Usumani, amjomba, ndiye kuti amalume ake a Mwanaidi, si munthu wokalipa ayi. Amalankhula motsitsa, mwaulemu, mawu ake n'kudzayamba kukuwawa mawa lake uli kumunda.

Imene inawatopetsa kwenikweni ndi mbuzi. Che Sabiti anaigula ndi thukuta lawo, kuiweta mpaka kunyezimira, ndipo pa Idi anafuna kuizinga kuti atumizeko mwendo kwa achemwali awo ku Chiuta. Mpeni uli m'manja, Che Usumani anatulukira ndi ndodo yawo.

"Akamwini, mbuziyi ndi yanu, sitikukana iyayi. Koma msipu umene yanenepa nawowu ndi wa kwa ndani?"

Mbuzi inapulumuka. Sabata yomweyo Che Sabiti anavala mkanjo wawo woyera n'kukagwada kwa mwinimbumba kupempha chitengwa. Anati akufuna awatenge amake Ramla akakhale paokha, kuti nawonso asanafe adzatsekeko chitseko chawo popanda wowafunsa kuti mtengo wake unadulidwa m'nkhalango ya ndani.

"Sitikaniza," anatero Che Usumani. "Koma mwana wathu sitimupereka pakhonde la sitolo. Pitani mukapeze nyumba. Tikagulitsa nandolo tibwera kudzaiona. Ikatikomera, mkazi wanu mutenge. Ikapanda kutikomera, khasu lanu silithawa, mulipeza pomwe mwalisiya."

Ndi mmene anafikira ku Balaka, makina atamangidwa pa kabaza wina, eni ake ali pa wina.

Nyumba za m'tauni zimafuna thumba lakuya, ndipo la Che Sabiti linali losokedwa bwino koma losaya. Dave ndi amene anawapezera njira. Kuseri kwa siteshoni kuli mdadada wa mafulati umene mkulu wina wa njanji anasiyira ana ake, aliyense yake. Mwana wotsiriza, amene amakhala ku Blantyre, anaika yake pamsika, ndipo podikira wogula anavomera kuti mulowe munthu wa lendi yotsika, mwezi ndi mwezi. Kiyi wina anakhala ndi Dave kuti azilowa ndi ogula nthawi iliyonse imene afuna. Ikagulidwa, mwezi ukangotha wa lendi atuluke, popanda kupita kwa mfumu kapena kukhoti.

Mmene Che Sabiti analowamo, mtima unawakhala pansi. Mpopi m'khitchini. Siling'i yoyera. Magetsi, ngakhale amabwera akafuna eni ake. Chimbudzi chogejemula, chimene tsiku loyamba anachigejemula mobwerezabwereza opanda chifukwa, kungofuna kumva madzi akukumba dzenje m'malo mwawo. Chilema chinali chimodzi chokha. Pakhoma loyang'ana kumsewu Dave anali atalemba ndi penti wofiira, zilembo zazikulu ngati ana a mbuzi, kuti IKUGULITSIDWA, m'munsi mwake nambala ya foni.

Poimba foni ku Rivirivi, Che Sabiti anafotokoza za mpopi, za siling'i, za chimbudzi. Za penti wofiira sizinapeze mpata. Iwo ankangofuna kuti nyumbayo isagulidwe mpaka Che Usumani aione ndi kuvomera. Mkazi akangoperekedwa waperekedwa, ankatero mumtima, zinazo adzaona Mulungu.

Ndiye masisitere aja atapita, anayamba ntchito. Diresi sakanavala tsiku lililonse, munthu ali ndi mbiri yoti asunge kumzikiti. Anagula mabigili a pulasitiki n'kuwayala pansi m'chipinda chochezera, wina pakati penipeni, wina pakona, wina pamwamba pa bedi. Anaphika tiyi wakuda bii, kukwera pampando, n'kupaka siling'i ndi kansanza mpaka panatuluka mapu okongola ngati a m'buku la sukulu. Kumbukirani kuti imeneyi inali nthawi ya chilimwe, Balaka akuwotcha ngati chiwaya cha tchipisi, mvula yomaliza anthu ataiiwala kale. Wogula akalowa n'kupunthwa pa bigili, amayang'ana kumwamba, Che Sabiti n'kungousa moyo.

Chida chachiwiri chinali kukanda. Wogula akamalowa kuchipinda chogona, iwo amayamba pakhosi, kutsikira kumsana, kukafika mpaka ku akakolo, kwinaku akumwetulira ngati munthu wopirira. Pasanathe nthawi wogulayo nayenso amayamba kudzikanda. Mayi wina wa bizinezi ya zitenje akuti anatuluka akuthamanga n'kukakutumula mpango wake pakati pa msewu.

Apa m'pofunika chilungamo. Che Sabiti ndi pakamwa pawo sananenepo bodza kwa wogula. Anzawo ena atawanena pambuyo pa swala kuti zimene akuchitazo ndi haramu, zoletsedwa m'chipembedzo, iwo anayankha mosatekeseka. "Ine ndimangoika bigili pansi m'nyumba imene ndikulipira. Ndi buku liti limaletsa bigili? Wogula akaganiza zodontha, wadzinamiza yekha. Ndipo thupi ndi langa, likayabwa ndifunse chilolezo kwa shehe?"

Mabodza olankhula anapatsa a Emmie. A Emmie amakhala fulati yoyandikana, amakazinga mandasi ogulitsa kudepoti, ndipo pakamwa pawo anthu a kuseri kwa siteshoni amapaopa kuposa agalu. Anakwatiwapo, amuna awo anapita kukagula ndudu chaka china ndipo mpaka lero sanaipeze. Che Sabiti anawafikira mwaulemu pampanda.

"Achemwali, inu a Katolika muli ndi kolapa Loweruka lililonse. Ife tilibe mwayi umenewo. Ndithandizeni."

"Mundilipira chiyani?"

"Chilichonse chong'ambika m'nyumba mwanu, ndisoka ulere."

"Ndi makatani omwe?"

"Ndi makatani omwe."

Anagwirizana kuti njinga yamoto ya Dave ikangolira pakhomo, a Emmie ayambe. Ntchitoyo sinafune kuphunzitsidwa. Amagubuduza mapoto, kutsegula wailesi mpaka kumapeto, kutukwana nkhuku, kenako n'kukuwa pawindo kuti nsikidzi za nyumba imeneyo zaboola khoma. Tsiku lina atakomedwa anawonjezera kuti malemu mkulu wa njanji uja amabwerabe kudzagejemula chimbudzi chake. Che Sabiti anawapempha kuti za mizimu azisiye, chifukwa iwowo ndi amene amagonamo okha.

Dave anayamba kuonda. Ndi mnyamata wa nsapato zosongoka ndi mafoni awiri, amene amakhulupirira kuti atha kugulitsa ngakhale chulu atachitcha puloti. Koma fulati iyi inamukanika. Anabweretsa mphunzitsi, anabweretsa namwino, anabweretsa m'busa wa mpingo watsopano amene anayendayenda m'nyumbamo akuthira mafuta pamakoma n'kunena kuti akapemphera kaye. Onse osabwereranso.

"Madala, mukundiphera bizinezi," anatero tsiku lina atakhala pa bigili wovundikira.

"Ine? Ndalankhula chiyani?"

"Simulankhula, ndiye vuto lake limenelo. Mabigili awa ndi a chiyani mu Okotobala muno?"

"Munthu wanzeru amakonzekera."

"Nanga kukandaku?"

"Ukalamba, mwana wanga. Udzafikapo."

Dave anakoka mpweya, kununkhiza siling'i atakwera pampando, n'kutsika akupukusa mutu. "Denga limeneli likudontha tiyi, madala. Wa masamba ambiri."

"Mulungu ndi wamkulu," anatero Che Sabiti, akulowetsa ulusi mu singano.

Zinayenda choncho mpaka nandolo anagulitsidwa. Foni inalira Lachiwiri, anali Mwanaidi. "Abambo ake Ramla, tikubwera Loweruka ndi amjomba. Musatichititse manyazi."

Che Sabiti anasanduka munthu wina. Mabigili anawasanjikiza n'kuwabisa kuseri. Anagula laimu, kupaka siling'i mpaka mapu onse kufufutika, kupaka makoma, kupaka ngakhale miyala ya pakhomo. Anakolopa simenti ndi kupaka polishi wofiira mpaka munthu kumadziona nkhope. Anasoka makatani a maluwa. Pakhoma la kumsewu anamanga chingwe n'kuyanikapo zitenje za makasitomala, zolondolozana bwino, mpaka penti wofiira yense anabisika. Kwa a Emmie anabwereka sofa, chifukwa mwinimbumba sangakhale pa mpando wa makina. Kenako, pofuna kutseka mpata uliwonse, anaimbira Dave.

"Mwana wanga, Loweruka usabwere ndi munthu. Ndidzakhala ndikudwala."

Apa ndi pamene analakwitsa. Munthu amene amadziwiratu tsiku lodwala amachititsa chidwi, ndipo Dave Lachisanu anadutsa pa njinga yake kudzazonda. Anaona nyumba ikuwala ngati ofesi yoyembekezera nduna. Anaima, kuvula magalasi, n'kuimbira pomwepo a Chester, bambo wa ku boma amene anatsala pang'ono kupuma pantchito ndipo ankafuna pobisala ndi penshoni yake. "Bwana, mawa masana. Musadye n'komwe, tingopita."

Loweruka alendo anafika dzuwa lili paliwombo. Che Usumani anatsika pa kabaza ngati akutsika mu ndege, mkanjo wositidwa, ndodo m'manja. Mwanaidi anatsika pa wina, mpango wobiriwira kumutu, thumba la mbatata m'manja, osalankhula zambiri monga mwa khalidwe lawo. Analonjerana mu Chiyao, kufunsana za kumudzi, za mvula, za odwala ndi omwalira. Kenako mwinimbumba anayamba kuyendera.

Anagogoda khoma ndi ndodo. Anatsegula mpopi n'kulawa madzi. Anaima nthawi yaitali pakhomo la chimbudzi, Che Sabiti n'kuwasonyeza pokoka, madzi n'kukhuthuka.

"Zonsezi zimapita kuti?" anafunsa Che Usumani.

"Zimapita ku boma, apongozi."

"Ehe. Nawonso alandireko."

Atakhala pa sofa, mpunga ndi nkhuku zitabwera, tiyi wa mkaka ali pambali, Che Sabiti lilime linamasuka. Kwa miyezi yonseyi anali asanayamikirepo nyumbayi pamaso pa munthu, ndipo mawu anali atadzaza m'mimba. Denga ili, apongozi, ngakhale dontho. Khoma ili, njerwa zowotcha, mfuti singaboole. Tizilombo? Ngakhale nyerere imapempha kaye. Anansi? Anthu a Mulungu, simungamve ngakhale kutsokomola.

Che Usumani anagwedeza mutu, kupukuta mafuta pandevu, n'kukonza pakhosi ngati munthu amene akufuna kunena mawu aakulu. Che Sabiti anasendera kutsogolo. Mawu amene anawadikira theka la moyo wawo anali pamlomo pa nkhalambayo.

Panja panalira njinga yamoto.

"Odi, madala! Mwachira?" Dave analowa osadikira, pambuyo pake a Chester, bambo wa mimba yaulemu ndi cholembera m'thumba la malaya.

"Awa ndi ndani?" anafunsa Che Usumani.

"Ndi... anthu obwera pafupipafupi," anatero Che Sabiti, zimene sizinali bodza.

A Chester anapereka moni kwa onse n'kuyamba kuyang'ana kudenga, manja ali kumbuyo ngati akuyendera ofesi. "Pabwino ndithu. Bambo, inu ndi amene mukukhalamo. Ndiuzeni zoona, denga ili limadontha?"

Che Sabiti anayang'ana a Chester. Anayang'ana Che Usumani. Akati silidontha, nyumba yapita. Akati limadontha, mkazi wapita.

"Zimatengera," anatero.

"Zimatengera chiyani?"

"Mbali imene munthu wakhala."

"Nanga si mwangonena kumene kuti ngakhale dontho?" anafunsa Che Usumani, motsitsa.

"Kumene mwakhala inuko, apongozi, ngakhale dontho."

"Nanga kuno?" anafunsa a Chester.

Che Sabiti anangousa moyo, ndipo dzanja lawo, lozolowera ntchito yake, linapita lokha pakhosi n'kuyamba kukanda. Analigwira ndi linzake n'kulikhalira.

Ndiye kuseri kwa khoma mapoto anayamba kugubuduzika. A Emmie anali atamva njinga, ndipo a Emmie pangano sathyola. Ena amati anaiwala kuti kuli alendo. Amene amawadziwa bwino amati sanaiwale kanthu. Wailesi inakuwa, nkhuku inatukwanidwa pamodzi ndi mtundu wake wonse, kenako mawu analowa pawindo ngati mwala.

"Che Sabiti! Nsikidzi zanu zaboolanso khoma! Mwana wa mlongo wanga wadzuka thupi lonse lili matuza! Ndipo sofa wangayo mundibwezere lero lomwe, zisanamange mudzi m'menemo!"

Che Usumani anadzuka pa sofa pang'onopang'ono, ngati munthu amene wazindikira kuti wakhalira dzira. Anasasa mkanjo kutsogolo, kusasa kumbuyo.

"Sofa ndi wobwereka," anatero. Silinali funso.

"Ndi wa achemwali athu mwa Adamu, apongozi."

"Amene simuwamva ngakhale kutsokomola aja?"

Dave, amene anali atatuluka kukayankha foni, anapeza kuti nambala yake pakhoma sikuoneka. Munthu wa bizinezi kumubisira nambala ndi kumutseka pakamwa. Anakoka chingwe chija, zitenje zonse n'kugwera pansi. Che Usumani, potuluka kukapuma mphepo yopanda nsikidzi, anakumana ndi zilembo zofiira. Sukulu sanapite nayo patali, koma mawu amenewa amawadziwa, amawaona pa ng'ombe ndi pa njinga. Anawerenga chilembo chimodzichimodzi, milomo ikugwedezeka.

Sanakalipe. Akanakalipa zikanakhala bwino.

"Akamwini, mpunga unali wokoma, Mulungu akudalitseni. Koma mwatidyetsera pamsika. Mwana wathu mumafuna mumukhazike pa benchi ya malonda, kuti wogula akabwera amukweze pamodzi ndi zitseko?"

"Apongozi, ndikanapeza ina..."

"Khasu lanu lilipo. Tinalisunga bwino, silinachite dzimbiri."

Nthawi yonseyi Mwanaidi anali kukhitchini, akutsegula mpopi, kutseka, kutsegula, kutseka. Munthu amene wasenza ndowa kuchokera kumjigo kuyambira ali mtsikana mpaka tsitsi kuthothoka paliwombo amauyang'ana mpopi mosiyana ndi mmene amauyang'anira amuna. Potuluka anaima pang'ono pakhoma paja, kutulutsa kafoni kawo m'mpango, n'kudinadina. Che Sabiti anaona, koma anaganiza kuti akuitana kabaza.

"Amake Ramla, simunena kanthu?"

"Mbatata musaziike padzuwa," anayankha, n'kukwera.

A Chester nawo sanagule. Iwo nyumba inawasangalatsa, koma akazi awo atakafufuza kumsika anamva kuti fulati ya kuseri kwa siteshoni ija ndi ya nsikidzi zoboola khoma, denga lake ndi sefa, ndipo chimbudzi chimagejemuka chokha. Ntchito ya Che Sabiti inali itabala zipatso zoposa zimene anadzala. Balaka yense ankadziwa, ndipo mwini wake ku Blantyre, atatopa, anauza Dave kuti aliyense amene angabwere ndi kanthu m'manja ampatse.

Masabata otsatira Che Sabiti anakhala ngati nkhuku yonyowa. Mabigili sanawabwezeretse, panalibenso chotetezera. Ankapalasa makina opanda nyimbo. Kubwerera ku Rivirivi kunali kukagwada pamaso pa mbuzi ija, imene akuti inali itaswa kale ana awiri, onse a mbumba. Kukhala ku Balaka kunali kudya okha ndi kugejemula okha. Akaimba foni, Mwanaidi amangofunsa ngati madzi akutulukabe.

Kenako Dave anabwera akuimba mluzu, atavala nsapato zatsopano zosongoka kuposa zakale.

"Madala, yapita."

"Yapita kuti?"

"Yagulidwa. Munthu wa ku Joni, sanaione n'komwe, anangotumiza. Ndipo ndikuthokozeni, chifukwa mtengo unagwa mpaka wogula anachita kufunsa ngati ili ndi denga."

Che Sabiti sanatsutse. Pangano ndi pangano. Mwezi ukupita kumapeto anachotsa makatani, kupinda mphasa, kumasula mutu wa makina n'kuukulunga m'chiguduli. Tsiku lotuluka analowa m'chimbudzi n'kugejemula komaliza, ataima chilili ngati ali pamaliro. Anatulutsa katundu pakhonde n'kukhala pa thumba kudikira kabaza, osadziwa kuti amuuza njira iti.

M'malo mwa kabaza kunakhota lole yaing'ono, yodzaza mpaka kupendekera. Pamwamba panali mtondo ndi misi, madengu, matumba a chimanga, chitete cha nkhuku, bedi la zingwe. Pakati pa katunduyo, atagwira ndodo ngati woyendetsa sitima, panali Che Usumani. Kutsogolo kunatsika Mwanaidi, kenako anatsitsa mayi awo, gogo wosamva bwino koma woona chilichonse.

"Amake Ramla! Mwabwera? Koma nyumba yagulidwa!"

"Tikudziwa," anatero Mwanaidi, akulandira kiyi kwa Dave, amene anatulukira kuseri kwa lole mano onse ali panja. "Wagula ndi Shukuru."

Shukuru ndi mlongo wake wa Mwanaidi, amene anapita ku Joni kalekale ndipo amagwira ntchito m'sitolo ya zitsulo. Tsiku la mpunga lija, nambala imene Mwanaidi anadinadina pakhoma inali ya Dave, ndipo madzulo ake inali itafika kale ku Joni ndi uthenga wakuti mlongo wako khosi latha ndi ndowa. Shukuru anali akufuna kale kugulira azilongo ake kanthu kooneka. Ndalama zake zinali zoperewera nyumba ya m'tauni, koma zinakwana bwinobwino nyumba ya nsikidzi.

Mkazi wabwera, nyumba yatsala, mpopi ndi womwewo. Che Sabiti anathamangira kukathandiza Che Usumani kutsika, n'kugwada pafumbi pomwepo.

"Apongozi, ndiye kuti chitengwa chija mwavomera?"

Che Usumani anawayang'ana mwachifundo. "Chitengwa cha chiyani, akamwini? Mukumutengera kuti? Mwanayu ali pakwawo. Nyumbayi ndi ya mbumba." Analoza ndi ndodo. "Chipinda chimene munkasokeramo chija mugona apongozi anu aakazi, makinawo akhala pakhonde. Penti wofiirayu mufufute lero, akutichititsa manyazi. Kuseriku ndaona kampata, mumange kakhola, mbuzi zikubwera ulendo wachiwiri. Ndipo laimu munapaka uja wayamba kusuwa, mubwereze."

Mwanaidi anali atalowa kale. Kuchokera kukhitchini kunamveka mpopi ukutseguka.

Anthu amati Che Sabiti anakhala chogwada kanthawi ndithu. Kenako anadzuka, kusasa mawondo, kukonza mzuli, n'kuyamba kutsitsa mtondo pa lole. Mpaka lero mukadutsa kuseri kwa siteshoni muwapeza pakhonde akupalasa makina, ndipo kunena zoona ananenepako, chifukwa amake Ramla amaphika bwino ndipo madzi ali pafupi. Akafunsidwa amati zonse zinayenda monga anakonzera.

Koma m'mawa wotsatira tsiku la lole lija, akusesa pabwalo, gogo ali pawindo kuloza ndi chala pamene tsache ladumpha, a Emmie anasuzumira pampanda, chiwaya cha mandasi chili m'manja. Anawayang'ana kanthawi, n'kupukusa mutu.

"Che Sabiti, amuna anzanu akathawa chikamwini amachisiya kumudzi. Inu mwachipezera nyumba ya magetsi, n'kuchitsitsiranso mtengo. Sesani bwino, apongozi akuona."